Mthunzi wa a Makina

A Laston Makina anabwera kudzakhala pachikamwini Felista, mwana wawo woyamba, asanabadwe, ndipo tsopano Felistayo anali ndi ana akeake. Zaka zonsezo analima minda ya akazi awo, anamanga nyumba pamalo a akazi awo, anakumba manda a abale a akazi awo. Koma m'mudzi monsemo chinthu chimene akanachiloza ndi chala n'kunena kuti ichi n'changa chinali chimodzi chokha: mtengo wa mango a boloma umene unali m'mphepete mwa msewu wokwera ku Fort Lister.

Anaudzala okha chaka chimene anakwatira. Njere yake anabwera nayo m'thumba la kabudula kuchokera kwawo ku Chiringa. Apongozi awo atawaona akuthirira anaseka. "Mkamwini kudzala mtengo? Akuganiza kuti akhalitsa ameneyu." Anakhalitsadi.

Kuno malo ndi a mbumba. Amachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo mwamuna amangobwera ndi khasu lake. Koma mtengo ndi wa amene anaudzala, ngakhale utamera m'munda wa eni. Zimenezi palibe anazilembapo penapake, chifukwa ngakhale mwana wakuba mango amadziwa amene akumubera.

Pansi pa mtengowo ndi pamene panali ntchito ya a Makina. Anali ndi benchi ya matabwa awiri, bokosi la masipanala, pampu, ndi beseni la madzi lofufuzira pamene chubu chabooka. Anthu otsetsereka kuphiri ndi nkhuni, mabuleki akawathera, ankaima pamenepo. Onyamula matumba a nandolo chimodzimodzi. Amene analibe njinga ankaimanso, kudzamva nkhani. Ukafuna a Makina sunkavutika kufunsa kunyumba, unkangolunjika kumango.

Napolo wa mu 1991 atatsika ku Michesi anakwirira kachigawo ka munda kozungulira mtengowo ndi miyala ndi mchenga. Mtengo anausiya uli chiimire, atangousenda khungwa mbali imodzi, koma dothi linatheratu. Ukaponya khasu linkalira ngati belu la kutchalitchi. N'chifukwa chake a Sitima atabwera kudzapempha kugula malowo kuti amangepo chigayo, a Eveles, akazi a a Makina, sanavute. Mlongo wawo a Jonasi, amene anali mwinimbumba, sanavutenso. A Eveles anali atalakalaka denga la malata kuyambira kalekale, ndipo miyala sidyedwa.

A Sitima anali munthu wa geni. Ankagula matemba ku Chilwa n'kumakagulitsa ku Limbe, mpaka chaka chija nyanja inaphwa. Apo anaona kuti nsomba zimatha, koma anthu sadzasiya kugayitsa. Inali nthawi ya matipate, aliyense akukamba za bizinesi. A banki anawauza kuti chikole chawo chikhale malo a lizi, osati malo ongopatsana pakamwa. Motero kunabwera oyeza malo n'kuzika zikhomo za simenti m'makona, amfumu anadinda chidindo chawo, ndipo loya wina wa ku Limbe analemba pangano loti eni malo asaine kuti awasiya, boma lipereke lizi kwa a Sitima.

Pa zonsezi amene ankaoneka kwambiri anali a Makina. Ankavala jekete, ankagwirira tepi oyeza malo aja, ankawalozera kumene madzi amadzera mvula ikagwa.

"Alamu, pang'onopang'ono," a Jonasi ankatero. "Mbuzi mukuitsatsayo ili ndi eni ake."

A Makina sankasamala. Chigayo chimabwera ndi njinga, ndipo njinga iliyonse yonyamula thumba pakaliya, lero kapena mawa, idzafuna womata. Ataona kuti zikhomo zazungulira mtengo wawo n'kuusiya mkati, mtima sunagunde n'komwe. Malo ndi malo, mtengo ndi mtengo.

Sabata yoti asaine, a Sitima anafika ndi mmisiri wawo. Ankayenda pamiyala paja akuloza uku ndi uku, kenako anadzaima pafupi ndi benchi.

"Nyumba ya chigayo ikhala apo," anauza mmisiri uja. "Lole izilowa apa, izitembenukira apa. Uwu tidula, nkhuni zake tiotchera njerwa."

A Makina anali atamiza chubu m'beseni. Thovu linkatuluka bwinobwino, koma iwo sanalione.

"Mudula uti?"

"Uwu, bambo. Musadandaule, benchi tikuthandizani kunyamula."

"Komatu mtengowu..."

"Uli mkati mwa zikhomo. Loya akuti zonse zili mkatimo zimapita limodzi ndi malo." A Sitima sananene mwachipongwe. Anawagwira dzanja ndi manja awiri potsanzika, n'kuwafunsanso za miyendo ya amayi.

A Makina anatulutsa chubu m'beseni. Mkamwini salowerera nkhani za malo, ndipo tepi imene inatsekera mtengo mkati anaigwira okha, atavala jekete. Akanati atsutse, a Sitima akanatha kukafuna malo kwina, malata n'kupita nawo, ndipo mudzi wonse ukanati mkamwini watayitsa mwayi wa eni chifukwa cha mango. Anapukuta chubu chija n'kumata pamalo posabooka.

Masana amenewo anasiya chinangwa m'mbale. A Eveles anali pakhonde akusenda nandolo.

"Bambo a Felista, mwadwala?"

"Iyayi."

"Nanga chinangwachi? Inu mumasiya chowawa chokha."

"Ndakhuta."

"Mlendo wanga wayamba kunyoza chakudya. Kapena mwakumbuka kwanu?"

Ankawatchula choncho kuyambira ali achinyamata, mlendo wanga, ndipo masiku onse a Makina ankayankha kuti mlendo wake amene amafolera nyumba ndi uti. Lero anayankha zina.

"Kwathu kuti? Ku Chiringa amene ankandidziwa onse ali kumanda."

A Eveles anasiya kusenda, anawayang'ana, kenako anayambiranso.

"Kodi mtengo waukulu wa mango," a Makina anafunsa akuyang'ana kuphiri, "ungapsereze uvuni wonse wa njerwa?"

"Ndine woumba njerwa ine?"

Nkhani inathera pomwepo. Masiku otsatirawo a Makina ankalawirira kumtengo kuposa kale. Ankasesa pansi pake ngakhale pamene panalibe tsamba.

Tsiku losaina, kalaliki wa loya anatsika matola dzuwa litakwera ndithu. Dzina lake anali a Davison, bambo wa tayi ndi chikwama chachikopa, nsapato zitayera ndi fumbi. Popeza pamalo ponsepo mthunzi unali umodzi wokha, tebulo analitulutsa m'nyumba n'kukaliika pansi pa mango. A Sitima ndi a Davison anapatsidwa mipando, a Jonasi ndi a Makina anakhala pabenchi, a Eveles anayala mphasa. Anthu angapo odutsa anaima chapatali ngati akupumira.

A Davison anatulutsa mapepala otayipa m'Chingerezi, nati aziwerenga n'kumamasulira kuti wina asadzanene kuti anasaina zosamva. Anatembenukira kwa a Makina, anawerama pang'ono.

"Ndime yoyamba ikuti: ine, Laston Makina, mwini malo awa..."

A Jonasi anaseka mpaka kutsokomola.

"Bwerezani pamenepo, akalaliki. Alamu anga amveko kachiwiri, sadzazimvanso."

"Ndalakwitsa dzina?"

"Dzina ndi lomwelo. Mwinimaloyo ndi amene sitikumudziwa."

A Davison anayang'ana a Sitima. A Sitima anakanda kumutu, nati iwo anangouza loya kuti malo ndi a kwa a Makina, osadziwa kuti otayipa alemba bambo.

"Pepani," anatero a Davison. "Ine ndine wa ku Nsanje. Kwathu timalowola, malo amakhala a bambo."

"Kuno sitilowola," anatero a Jonasi. "Awa tinangowatola panjira, tinawalera."

"Munandilera inu?" a Makina anayankha. "Nkhokwe yanu anakulukirani ndani chaka chatha? Ija munaluka nokha nkhuku zinkalowa osawerama."

Anthu oima chapatali aja anaseka, n'kusendera pafupi.

Pepala linali kale patsogolo pa a Makina, cholembera chili pambali. Chingerezi sankachidziwa, koma dzina lawo ankalidziwa. Linali pamenepo, zilembo zikuluzikulu, loongoka ngati mzere wa mlangizi wa zaulimi. Analiyang'ana kanthawi, analipukuta fumbi ndi chala. Kenako anakankhira pepalalo kumbali ya mphasa.

"Eni ake ndi awa."

A Davison anadula dzinalo ndi mzere, pamwamba pake analemba la a Eveles, nafotokoza kuti paliponse pamene akonza ndi dzanja, onse asaina m'mbali mwake. Anapitiriza kuwerenga za zikhomo, za msewu, za chilolezo cha amfumu.

"...malo onse a mkati mwa zikhomo, pamodzi ndi zomera ndi zomangidwa zonse zimene zili pamenepo." Anatsegula kabokosi ka inki. "Mayi, chala chanu chachikulu apa."

A Eveles anapinda manja, chala chija n'kuchibisa m'chitenje.

"Zomera zake ziti? Pano pamamera chisoso chokha."

"Ndi mtengowu, mayi."

"Mtengowu si wanga."

"Uli pamalo anu."

"Ee, uli pamalo anga. Nkhuku ya a Jonasi ikaikira m'khitchini mwanga, mazira ndi anga? Ine ndikugulitsa dothi ndi miyala yake. Mtengo mwini wake ndi mlendo wangayu. Ndine wa Mvano ine, ndigulitse chinthu cha eni?"

A Davison anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi. Anafotokoza mofatsa kuti malamulo a boma sasiyanitsa. Chilichonse chimene chazika mizu m'dothi chimawerengedwa ngati dothi lomwelo, ndipo wogula malo wagula zonse.

"Ndiye a Sitima mwaphula," anatero a Jonasi. "Alamu anganso mwagula. Amenewa anazika mizu pano kalekale. Koma ndikuchenjezeni, amadya kwambiri."

A Sitima sanaseke. Anasendeza mpando.

"Chabwino, ndamva. Ine ndine wa konkuno, mwambo ndikuudziwa, kungoti ndimayesa pepala lathetsa zonse. Ngati mtengo ndi wa bambo, ndiugula padera. Bambo, nenani."

Maso onse anapita pabenchi. A Makina anayang'ana akazi awo, koma a Eveles anali akuthamangitsa nyerere pamphasa, ngati nkhani siikuwakhudza. Anayang'ana a Jonasi, a Jonasi akuyang'ana kumwamba. Panalibe wowayankhulira.

"A Sitima, mundikhululukire," anatero potsiriza, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Ine ndimayesa mukugula dothi. Tepi ndinagwira ndine, sindikana. Koma mtengowu sindigulitsa. Mukaudula, ine m'mawa ndikadzuka ndizipita kuti?"

Kumsewu kunadutsa njinga ikulira tcheni, ndipo a Makina, mwachizolowezi, anaitsatira ndi khutu.

A Sitima anaimirira. Anati a banki akudikira, mmisiri wauzidwa kale, ndipo kusuntha chikhomo ngakhale chimodzi ndiye kuitananso oyeza malo, amene akati tikubwera mawa amabwera mvula itagwa. Ngati zili choncho, kuli malo ena kumunsi kwa mlatho amene eni ake akhala akuwanyengerera.

"Pitani bwino mukawaone," anatero a Eveles. "Denga lathu ladontha zaka zambiri, silinatiphe."

A Makina anaweramitsa mutu. Iwo ndiwo ankadziwa kuti mvula ikagwa a Eveles amasuntha mphasa kangati.

A Davison anali akutembenuza mapepala. Sanafune kubwerera ku Limbe chimanjamanja atamwa fumbi lonse lija.

"Njira ilipo," anatero. "M'tauni timalemba zotere, wina akagulitsa malo koma mnzake ali ndi kanjira kodutsa pomwepo, kapena mpope wa madzi. Zikhomo zikhale momwe ziliri, malo akhale a a Sitima. Koma tionjezera ndime yoti mtengowu sudulidwa, ndipo bambo Makina azikhala pansi pake, kugwirapo ntchito ndi kuthyola zipatso zake masiku onse a moyo wawo. Chofunika n'kulemba kukula kwa malo amene azikhalapowo, kuti mawa pasadzakhale mkangano. Bambo, inu mumakhala kuchokera pati kufika pati?"

"Ine? Ndimangotsata mthunzi."

A Sitima anakweza maso. Dzuwa linali paliwombo, ndipo mthunzi unali utadzikundikira patsinde ngati nkhuku yofungatira.

"Mthunzi, ndavomera," anatero msanga. "Akalaliki, tepi muli nayo? Tiyeze pompano."

A Davison anayamba kupisa m'chikwama. A Jonasi anayang'ana pansi, anayang'ana dzuwa, anatsokomola molozera mlongo wawo. Koma a Eveles anali atadzuka kale, akumanga chitenje.

"Muyeze ndi njala? Munthu wachokera ku Limbe, m'kamwa mwauma, inu mukumupatsa tepi? Kalongonda ali pamoto. Mudye kaye."

"Mayi, kuyeza sikuchedwa..." anayamba motero a Sitima.

"Ndinu mwana wa yani inu? Amayi anu a Belita ndinkatunga nawo madzi. Anakuphunzitsani kugwiritsa ntchito mlendo asanadye?"

A Sitima anakhala pansi.

A Eveles anapita kunyumba. Patapita nthawi anabwera ndi thobwa, nati kalongonda watsala pang'ono, angotaya madzi kamodzi n'kuwiritsanso. A Davison anafunsa kuti kalongonda n'chiyani.

"Simumudziwa?" a Jonasi anadabwa. "Ndiye mwabwera bwino. Ndi nyemba zathu Alomwe, koma safuna changu. Umawiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kutayanso. Ukamufulumiza amazunguza mutu. Kunali mkulu wina kuseri kwa phiriku anadya wosapsa, anapezeka atagwada akupereka moni kwa chulu. Anadandaula kuti apongozi sakuyankha."

"Apse ndithu," anatero a Davison. "Ine sindikufulumira."

A Sitima ankadziwa bwino lomwe zimene zinkachitika, popeza nawonso anakulira kalongonda yemweyo. Koma ndani angalowe m'khitchini mwa mayi wamkulu kukatsutsa kuti mphika wapsa? Anamwa thobwa lawo akuyang'ana pansi, pamene mthunzi unali utayamba kukwawa kulowera kum'mawa, mkati mwa malo awo.

Mayi wina anafika akukankha njinga yophwa tayala, thumba la chimanga lili pakaliya. Ankapita kukagayitsa kuboma. A Makina anapempha chilolezo kwa alendo, anavula jekete, anagadamitsa njinga ija. Manja awo atangogwira sipanala, nkhope inabwerera m'malo. Mayi uja anakhala pamphasa, anamva kuti pamangidwa chigayo, anathokoza a Sitima ngati achimanga kale, nawonjeza kuti ubwino wake pali pokhala podikira, osati kuboma kumene anthu amapsa ndi dzuwa pamzere.

Dzuwa linali litawapeza a Sitima kumsana, ndipo ananyamula mpando wawo n'kusendera mkati. Posakhalitsa linawapezanso, anasenderanso.

"Mukuthawa chiyani, a Sitima?" anafunsa a Jonasi. "Khalani padzuwa pomwepo, muyeserere mmene lole izidzatembenukira."

A Eveles anabweranso kudzatenga makapu. Madzi achiwiri atayidwa, anatero, koma atalawa aona kuti kakhambi kakadalimo. Alendo ngati amenewa sangawapatse zokayikitsa.

Pamene mbale zinkafika, dzuwa linali litapendekeka ndithu. A Davison anayamba ndi kambewu kamodzi, anadikira kuti aone ngati chulu chiwaitana, kenako anadya mpaka kupempha ena. A Sitima nawonso anadya, popeza mkwiyo ndi wina, njala ndi ina. Atasamba m'manja onse anatembenuka kuyang'ana mthunzi. Unali utatambalala pamiyala paja, wautali, mutu wake ukugunda pamene mmisiri anakhoma zikhomo za maziko.

A Sitima anagwira m'mutu. "Ndiye chigayo ndimange pamsewu?"

"Munavomera nokha," anatero a Jonasi. "Mboni ndi akalalikiwa."

A Davison anakoka tepi, mbali imodzi anaigwirizitsa patsinde. A Makina anatenga mbali inayo, monga anachitira ndi oyeza malo aja, nayamba kuyenda chakum'mawa. Anadutsa pamene mthunzi wa masana unalekezera. Anapitirira pang'ono. Kenako anaima, mthunzi ukadali wambiri kutsogolo kwawo. Pamene anaimapo dothi linali lakuda ndi girizi, ndipo panali timaenje tinayi timene miyendo ya benchi inakumba m'zaka zonsezo.

"Apa pakwana."

"Alamu!" a Jonasi anakuwa. "Tadikira tsiku lonse, mimba zatupa ndi thobwa, kuti mudzaime pamenepo? Yendani!"

"Benchi imalekezera apa. Mthunzi ukapitirira apa ine ndimakhala nditaweruka. Wotsalawo ndiutani?"

A Davison anawerenga tepi, anayezanso mbali ya kumsewu kumene benchi imakhala m'mawa, nalemba. A Sitima anayenda kuchokera pa timaenje tija kukafika pamaziko, anabwerera, anayendanso. Lole sikanatha kutembenuka. Inkayenera kumalowa chobwerera m'mbuyo, ndipo dalaivala wawo, anatero, ndi munthu amene anagundapo nkhokwe masana dzuwa likuswa mtengo. Anang'ung'udza kanthawi. Kenako anati avomera, koma nthambi yaikulu yoloza kuchigayo idulidwe kuti isadzaphwanye malata, ndipo mango ogwera kunja kwa muyezo ndi awo.

A Makina anayang'ana nthambi ija. Inali imene imayamba kupsa chaka chilichonse.

"Dulani," anatero. "Koma ndidula ndekha. Anyamata anu angaupweteke."

A Davison analemba ndime yatsopano ndi dzanja, pansi pa zotayipa zija, naiwerenga m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Anati loya akaiona adandaula kuti pepala lake ladetsedwa, koma popeza onse asaina, iima, ndipo akatayipanso bwino ilowa momwemo.

A Eveles anatulutsa chala m'chitenje, koma anachiimitsa pamwamba pa inki.

"Tabwerezani paja pa masiku."

"Masiku onse a moyo wawo, mayi."

"Ngakhale ine nditatsogola?"

"Ngakhale mutatsogola. Palibe angawachotsepo."

"Mwamva, achimwene? Musaina nokha ngati mboni."

A Jonasi anayang'ana kumbali. "Angawathamangitse ndani amenewa? Adzatimatira njinga ndani?" Anatsokomola ngati ndi fumbi.

A Eveles anadinda. A Sitima anasaina mwachangu ngati munthu wozolowera, a Jonasi anasaina. Pamapeto a Davison anajambula kamzere kena pansi, nalemba mawu awiri patsogolo pake.

"Apa mwalemba chiyani?" anafunsa a Makina.

"Mwini mtengo."

A Makina anapukuta manja pa thalauza, anagwira cholembera monga amagwirira sipoko, nalemba dzina lawo chilembo chimodzichimodzi. Silinaongoke ngati lotayipa lija. Linakwera phiri pang'ono chakumapeto, koma palibe analidula ndi mzere.

A Sitima anatenga a Davison pa njinga yamoto kuti akapeze matola kuboma. A Jonasi anapita kukatsekera mbuzi, akudandaulabe za mthunzi umene alamu awo anataya. A Makina anasenza tebulo pamutu, a Eveles ananyamula mphasa ndi mbale, n'kumatsika kanjira ka kunyumba, bambo patsogolo.

"Mayi a Felista," anatero a Makina pansi pa tebulo paja.

"Ee."

"Kalongonda uja anapsa dzulo. Ndinalawa m'mawa."

"Mlendo amavundukula miphika ya eni?"

"Mlendo wake amene ali ndi pepala ndi uti?"

"Pepala la mtengo," anatero a Eveles. "Musakule nalo mtima. Mawa mukwere padenga muyeze malata, tepi mwaizolowera."